Java ikuti netiweki yavuta, koma seva ya Python yalemba malipiro kawiri

Limbani: Moni nonse apagulu. Ndili ndi vuto lofuna maso ambiri. Ndimasamalira sisitimu ya bungwe lina la alimi logula soya ndi mtedza. Kumadepoti kuli pulogalamu ya Java pa laputopu ya kalaliki, ndipo imalankhula ndi seva ya Python 3 yomwe ili ku Lilongwe kudzera pa XML-RPC, njira yoitanira function ya pa kompyuta ina potumizirana mauthenga a XML. Mlimi akayeza matumba ake pasikelo, kalaliki amalemba makilogalamu, pulogalamu n'kuitana `lemba_malipiro` pa seva, seva n'kusunga mu database ya PostgreSQL ndi kubweza nambala ya lisiti. Zakhala zikuyenda chonchi kwa nthawi yaitali popanda chovuta. Nyengo yogula ino madepoti akuluakulu ayamba kulephera, koma madzulo okhaokha. Pasikirini pakumabwera uthenga wakuti "Netiweki yavuta, yesaninso", kalaliki amadinanso, uthenga umabweranso. Kenako a kuakaunti akupeza mlimi mmodzi walembedwa kawiri, wina katatu. Madepoti ang'onoang'ono ali bwinobwino. Ngakhale akuluwo m'mawa savuta. Ndiyambire pati?

Yamikani: Amwene, madzulo netiweki imadzaza, makamaka tsiku la msika. Aliyense ali pa WhatsApp ndi TikTok. Kwezani timeout, nthawi yodikira yankho, kufika masekondi 60 muone.

Limbani: Timeout ili pa masekondi 45 kale. Ndipo uthengawo sukuchedwa, ukubwera pompopompo akangodina.

Bambo Mwale: Apo pokha pakuonetsa kuti si timeout. Timeout imayamba yakudikiritsa. A Limbani, mawu akuti "Netiweki yavuta" analemba ndani? Si Java, si Python. Ndi munthu amene analemba pulogalamuyo. Tiwonetseni malo pamene mawuwo akuchokera.

Limbani: Ndi apa:

```
try {
    res = (Map) client.execute("lemba_malipiro", params);
} catch (XmlRpcException e) {
    showError("Netiweki yavuta, yesaninso");
}
```

Thoko: Eya, ndi pamenepo. `XmlRpcException` imagwira zonse: chingwe chikaduka, seva ikazima, komanso seva ikayankha bwinobwino kuti yakumana ndi vuto. Zitatu zosiyana kwambiri zikuvekedwa uthenga umodzi, ndipo uthengawo ukulamula kalaliki kuti adinenso. Achimwene, musanasinthe china chilichonse lembani `e.code` ndi `e.getMessage()` mu fayilo ya log. Seva ikuyankhula koma pulogalamu yanu ikuitseka pakamwa.

Limbani: Ndachita kuyang'ana log ya dzulo madzulo ya nginx, pulogalamu yolandira ma request n'kuwapititsa ku Python. Ma request onse ochokera kumadepoti akuluwo akuonetsa 200, khodi ya HTTP yonena kuti zayenda. Ndiye ndimati seva ilibe mlandu.

Bambo Mwale: Pa XML-RPC 200 satanthauza kuti zayenda. Malamulo ake amati seva iyankhe 200 ngakhale ntchito yalephera, vutolo limalembedwa mkati mwa XML, mu `<fault>`. Choncho nginx sidzakuuzani kalikonse. Koma 200 ameneyo watithandiza, chifukwa watsimikiza kuti uthenga unafika ndipo yankho linatuluka. Tsopano tiyeni tione zenizeni zimene zikudutsa pakati pa awiriwa. Pa seva, pakati pa nginx ndi Python sipakhala TLS yobisa mauthenga nthawi zambiri, ndiye madzulo ano tsegulani ichi:

```
sudo tcpdump -i lo -A -s 0 port 8000 -w rpc.pcap
```

Sinthani 8000 kukhala port yanu. Mukatsegula fayiloyo mu Wireshark, pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki, dinani Follow TCP Stream pa request imodzi yolephera. Mayina a alimi ndi manambala a foni mufufute musanatumize pagulu pano.

Chisomo: Pepani akuluakulu, ine ndikuphunzira kumene. Bwanji osangoika print mu code ya Python kuti tione chimene function ikubweza?

Thoko: Funso labwino, Chisomo. Print ikuonetsa chimene Python ikuganiza kuti itumiza, ndipo debugger ya Java ikuonetsa chimene Java ikuganiza kuti yalandira. Pakati pake pali sitepe imene sitiiona mu code yathu, pamene laibulale imasandutsa dict ya Python kukhala XML, kenako laibulale ina n'kusandutsa XML kukhala Map ya Java. Mavuto ambiri a zilankhulo ziwiri amabadwira pamenepo. Function ikhoza kubweza zolondola ndithu, print n'kuonetsa zolondola, koma n'kufera pa sitepe imeneyo.

Limbani: Ndagwira imodzi. Request ikuoneka yabwino, malipiro ake ndi K412,500 basi. Yankho ndi ili:

```
<fault><value><struct>
<member><name>faultCode</name><value><int>1</int></value></member>
<member><name>faultString</name><value><string><class 'OverflowError'>:int exceeds XML-RPC limits</string></value></member>
</struct></value></fault>
```

Koma K412,500 ndi nambala yaing'ono. Yasefukira pati?

Bambo Mwale: Ndalama mumasunga mu makwacha kapena mu matambala? Ndipo `lemba_malipiro` imabweza chiyani kupatula nambala ya lisiti?

Limbani: Mu matambala, ngati int. Imabweza `lisiti`, `nthawi`, ndi `total`, yomwe ndi ndalama zonse zimene depotiyo yalipira tsiku limenelo. Imaoneka m'munsi mwa sikirini kuti kalaliki adziwe pamene afika.

Bambo Mwale: Basi, wagwidwa. `<int>` ya XML-RPC ndi ya ma bit 32, ndipo nambala yaikulu kwambiri imene ingalowemo ndi 2,147,483,647. Mu matambala imeneyo ndi K21,474,836.47. Depoti ikangodutsa K21 miliyoni ndi kanthu pa tsiku, Python imakana kulemba `total` mu XML. N'chifukwa chake m'mawa zili bwino, popeza total imayambira pa ziro. N'chifukwa chakenso madepoti ang'onoang'ono sakuvutika, safikako. Ndipo zaka zapitazo simunazione chifukwa kwacha inali isanagwe chonchi. Inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mbewu n'kukwera motsatira. Matumba omwewo, manambala aakulu.

Dalitso wa ku Lusaka: Kuno malire ake ndi omwewo, K21 miliyoni mukasunga mu ngwee, matambala athu a ku Zambia, koma kwacha ya Zambia ndi yolemera ndiye depoti imodzi siingafike pamenepo pa tsiku. Ife timakumana nazo pa malipoti a chaka. Komanso pa manambala a foni: wina akaika 260 kapena 265 kutsogolo n'kusunga ngati int, amenewo ndi manambala 12, salowa mu ma bit 32. Akachotsa khodi ya dziko, ziro woyambirira amasowa. Foni ikhale string basi.

Thoko: Tisathamangire kukonza int tisanamvetse chimene chikuwononga ndalama. Taonani ndondomeko ya zimene zikuchitika pa seva. Function yanu ikuchita INSERT, ikuchita commit yosungiratu mu database, ikuwerengera total, ikubweza dict. Kufika apa zonse zayenda ndipo mlimi walembedwa. Kenako `SimpleXMLRPCServer` ikutenga dict ija kuti iisandutse XML, ikugunda pa total, OverflowError. Imagwira error imeneyo n'kuitumiza ngati fault ya code 1. Java ikuona fault, ikuti netiweki yavuta. Kalaliki akudinanso, INSERT ina, commit ina, fault ina. Kudina kulikonse ndi malipiro atsopano. Mlimi ali pamzere alibe lisiti m'manja, koma mu database walipidwa katatu.

Limbani: Zikugwirizana ndendende ndi zimene a kuakaunti akuona. Palibe yolembedwa kawiri m'mawa, zonse ndi za pambuyo pa nkhomaliro.

Yamikani: Njira yachidule ilipo amwene. Ikani pamwamba pa seva:

```
import xmlrpc.client
xmlrpc.client.MAXINT = 2**63 - 1
```

Python isiya kudandaula.

Bambo Mwale: Isiyadi, koma ilembabe `<int>` n'kuikamo nambala yoposa malire. Python kwa Python zimadutsa chifukwa int ya Python ilibe malire. Java ikaona `<int>` imayesa kuika nambalayo mu Integer, ndipo ikana. Vutolo mwangolisamutsa kuchoka ku Lilongwe kupita kudepoti, ndipo likugwabe pambuyo pa commit.

Yamikani: Nanga `<i8>`, int ya ma bit 64? Apache XML-RPC, laibulale ya mbali ya Java, imaidziwa.

Thoko: Imaidziwa mukayatsa `setEnabledForExtensions(true)`. Koma pali kusafanana kumene kumasokoneza anthu ambiri. Kuyambira Python 3.6 `xmlrpc` imatha kuwerenga `i8`, `biginteger`, `bigdecimal` ndi `ex:nil` zochokera ku Apache, koma siizilemba. Ndiye Java ikhoza kutumiza Long yaikulu Python n'kuilandira mosangalala, koma Python yomweyo n'kulephera kuibweza. Mungathe kulemba marshaller yanu, code yosandutsa deta kukhala XML, yotulutsa i8, anthu amachita. Ine sindingakonde, pa zifukwa ziwiri. i8 siili m'malamulo oyambirira a XML-RPC, ndiye tsiku limene wina adzalembe client ya PHP kapena C# mudzayambanso nkhani yomweyi. Chachiwiri, ma extension omwewo amabwera ndi `ex:serializable`, imene inapezekapo ndi mabowo achitetezo, ndipo laibulale ya Apache imeneyo ndi yakale, 3.1.3 ndi ya 2010.

Chisomo: Bwanji osatumiza ngati double? Double imanyamula manambala aakulu.

Dalitso wa ku Lusaka: Ayi mwana wa kwathu, ndalama ndi double sizigwirizana. Lemba `0.1 + 0.2` mu Python uone 0.30000000000000004.

Bambo Mwale: A Dalitso akunena zoona, ngakhale Chisomo sanasochere kutali. Double imasunga manambala athunthu molondola mpaka 9,007,199,254,740,992, ndiye matambala athunthu angadutse bwinobwino. Vuto ndi anthufe. Wina akaona double amagawa ndi 100 pompo, kenako n'kuyamba kuphatikiza makwacha okhala ndi madontho, ndipo pakutha kwa mwezi lipoti lasiyana ndi tambala imodzi imene palibe akudziwa kumene yapita. Ine ndimatumiza ndalama ngati string ya matambala, "2147483648", Java n'kuiwerenga ndi `Long.parseLong` kapena `BigDecimal`. Sizokongola koma chilankhulo chilichonse chimamva string mofanana.

Limbani: Ndasankha string. Ndisintha `total` pa seva usiku uno.

Thoko: Dikirani kaye achimwene. Java ikuiwerenga bwanji total?

Limbani: `int total = (Integer) res.get("total");`

Thoko: Ndiye mukangoisandutsa string, laputopu iliyonse kudepoti iliyonse igwa ndi ClassCastException mawa m'mawa, ngakhale madepoti amene lero ali bwino. Mukaichotseratu, `get` ibweza null ndipo igwa ndi NullPointerException. Ndipo zonsezi ndi pambuyo pa commit. Malaputopu onse mungawasinthe nthawi imodzi?

Limbani: Zosatheka. Ena ali kutali, pulogalamu yatsopano imapita pa flash ndi galimoto yokatenga katundu.

Thoko: Ndiye `lemba_malipiro` yakale ikhalebe ndi maonekedwe ake, mupange `lemba_malipiro_v2` ya pulogalamu yatsopano. Mu yakaleyo total ikhalebe int, koma ikadutsa malire mutumize nambala ina yolowa.

Yamikani: `min(total, 2147483647)` basi.

Thoko: Imeneyo ndikuiopa. Kalaliki aona K21,474,836.47, nambala yooneka ngati yeniyeni, n'kuilemba m'buku la depoti potseka madzulo. Bola -1. Sikirini ionetsa tambala imodzi yokhala ndi minus, aliyense adziwa kuti si total, ndipo mwawauziratu pa gulu lawo kuti akaona zimenezo afunse total ku ofesi.

Bambo Mwale: Ndikugwirizana ndi a Thoko, bola mutsimikize kuti total siisindikizidwa pa lisiti ya mlimi komanso palibe masamu ena amene amadalira iyo.

Limbani: Ndaona, imangoonetsedwa pasikirini. Ndichita -1.

Bambo Mwale: Onjezani ichi mu function, commit isanachitike:

```
xmlrpc.client.dumps((yankho,), methodresponse=True)
```

Ngati yankho silingasanduke XML, error igwa transaction ikadali yotsegula, muchita rollback, ndipo palibe cholembedwa. Igwiranso mnzake wa OverflowError amene mudzakumane naye tsiku lina, `cannot marshal None unless allow_none is enabled`, amene amabwera column ina ikakhala NULL. Komanso dict ikakhala ndi key yomwe si string, XML-RPC imakana.

Thoko: Zimenezo n'zabwino Bambo, koma ndikufuna a Limbani asaganize kuti nkhani yathera pamenepo. Overflow yangotiululira bowo lomwe linalipo kale. Mawa Yamikani adzakhala wolondola, netiweki idzadukadi request itafika koma yankho lisanabwerere. Java idzaona zomwezo, kalaliki adzadinanso, mlimi adzalembedwa kawiri. Palibe dumps imene ingagwire zimenezo.

Bambo Mwale: Zoona. Zili ngati kutuma mwana kukapereka ndalama kwa mnansi, mwanayo n'kusabwerako. Sukudziwa ngati wapereka n'kutsalira kosewera, kapena wasochera asanafike. Ukatumanso wina ndi ndalama zina, mwina mnansi walandira kawiri. Kuitana function ya pa kompyuta ina kumaoneka ngati kuitana function wamba mu code, koma kuli ndi mathero atatu: zatheka, zalephera, ndi sitikudziwa. Lachitatulo function wamba ilibe.

Chisomo: Ndiye munthu amatani akakhala kuti sakudziwa?

Thoko: Amapanga kuti kubwereza kusawononge. Malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake yopangidwa kudepoti, `UUID.randomUUID()`, ndipo itumizidwe limodzi ndi request. Pa seva column imeneyo ikhale UNIQUE. Kenako:

```
INSERT INTO malipiro (request_id, ...) VALUES (...)
ON CONFLICT (request_id) DO NOTHING
```

Ikapezeka kuti ilipo kale, seva isabweze error, ibweze lisiti yomwe ija ya poyamba. Kalaliki adine kakhumi, mlimi alembedwa kamodzi ndipo lisiti yake ituluka. Pali malo awiri pamene anthu amapunthwa. UUID ipangidwe pamene fomu ya mlimiyo ikutsegulidwa, osati pa batani, chifukwa ikakhala pa batani kudina kulikonse kubwera ndi yatsopano ndipo simunapindule kanthu. Komanso isungidwe pa disk ya laputopu mpaka yankho litabwera, kuti batire ikatha kapena magetsi akazima pulogalamu ikayakanso itumize yomweyo.

Yamikani: Bwanji osangochita SELECT kaye kuona ngati ilipo, kenako INSERT?

Thoko: Ma request awiri akafika pamodzi onse achita SELECT, onse apeza palibe, onse achita INSERT. `SimpleXMLRPCServer` payokha imagwira imodziimodzi ndiye lero mungapulumuke, koma tsiku loika `ThreadingMixIn` kapena ma process angapo kuseri kwa nginx, zibwerera. UNIQUE imayang'aniridwa ndi database yeniyeniyo, siidalira mwayi.

Dalitso wa ku Lusaka: Chinanso, request_id yomweyo ikabwera ndi ndalama zosiyana, imeneyo muikane ndi error yomveka. Zimachitika kalaliki akaona uthenga wa vuto n'kusintha makilogalamu asanadinenso.

Limbani: Nanga malaputopu akale amene satumiza request_id?

Bambo Mwale: Pakali pano mu method yakale kanani malipiro ofanana ndendende, mlimi yemweyo, depoti yomweyo, makilogalamu omwewo, mkati mwa mphindi zochepa, n'kubweza lisiti yoyamba. Ndi chigamba chabe, chifukwa mlimi akhoza kubweretsadi matumba ofanana kawiri, ndiye mulembe mu log nthawi iliyonse chikagwira ntchito. Koma chikusungani mpaka flash itafika konse.

Yamikani: Ine ndinenebe maganizo anga. XML-RPC ndi ya 1998. Tikutaya nthawi kusoka zigamba. Mukanakhala pa gRPC, njira yatsopano yogwira ntchito yomweyi, mukanalemba `int64 total_tambala` mu fayilo ya proto yofotokoza mauthenga, chida cha protoc n'kupanga code ya Java ndi ya Python kuchokera pa fayilo imodzimodzi, ndipo nkhani ya overflow sikanakhalapo.

Thoko: Pa overflow mukunena zoona, ndipo fayilo ya proto ndi chinthu chabwino chifukwa mbali zonse ziwiri zimawerenga pangano limodzi. Kuntchito kwathu kuno ku Johannesburg timagwiritsa gRPC tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuzeni zimene zimatidya nthawi. Malipiro olembedwa kawiri gRPC siingawaletse. Zolemba zake zomwe zimachenjeza kuti `DEADLINE_EXCEEDED` ikhoza kubwera ngakhale ntchito yatheka pa seva. request_id mudzaifunabe. Kenako int64 yomweyo ikakumana ndi JavaScript, Number imasiya kulondola ikadutsa 9,007,199,254,740,991, n'chifukwa chake protobuf ikasandutsidwa JSON imalemba int64 ngati string. Mwaona, tabwerera ku string ya Bambo Mwale. Mu proto3 field ya nambala yomwe ndi ziro siitumizidwa n'komwe, ndiye wolandira sangasiyanitse "ngongole ndi ziro" ndi "sindinakuuze za ngongole", pokhapokha mutaika `optional`. Pa waya sipayenda mayina a ma field, pamayenda manambala awo, ndiye wina akasintha nambala kapena kugwiritsanso ntchito yakale pa chinthu china, laputopu yakale iwerenga zolakwika mwakachetechete popanda error. Uthenga wolandira ukaposa 4 MB mupeza `RESOURCE_EXHAUSTED`, zomwe zingachitike tsiku lokoka mndandanda wa alimi onse. Ndipo imafuna HTTP/2 njira yonse, ndiye mu nginx ndi `grpc_pass`, osati `proxy_pass` imene ali nayo pano.

Yamikani: Zonsezo zili ndi mayankho ake.

Thoko: Zili nawo, ndipo nyengo yogula ikatha ine ndingathandize nawo kusamuka. Koma pakati pa nyengo, alimi ali pamzere, malaputopu akusinthidwa ndi flash, sindingasinthe njira yonse yolankhulirana.

Bambo Mwale: Ndiwonjezere kamodzi. Ubwino wa XML-RPC lero ndi wakuti a Limbani anatsegula Wireshark n'kuwerenga vuto ndi maso. Pa gRPC mukanafuna grpcurl kapena kupatsa Wireshark fayilo ya proto. Sindikuti ndi chifukwa chokhalira pa zakale, koma amene adzasamalire sisitimuyi aphunzire zida zimenezo asanasamuke, osati atasamuka.

Limbani: Popeza pcap ndili nayo kale, ndifunsenso china. Pa malisiti ena dzina la dziko limatuluka "MalaÅµi", ndipo mayina ena a midzi okhala ndi ŵ amaonongeka chimodzimodzi. Ndimaganiza kuti nayonso ndi XML-RPC.

Bambo Mwale: Mu Wireshark sinthani maonekedwe akhale hex, mupeze mawuwo. Mukaona `c5 b5` pamalo pa ŵ, ndiye kuti pa waya zili bwino, chifukwa imeneyo ndi ŵ mu UTF-8. "Åµ" imabwera wina akawerenga ma byte awiri omwewo ngati windows-1252, c5 n'kukhala Å, b5 n'kukhala µ.

Limbani: `c5 b5` ilipo, ndipo mutu wa XML ulibe encoding ina.

Bambo Mwale: Ndiye XML ilibe mlandu, ikapanda kutchula encoding imakhala UTF-8 ndipo parser imadziwa zimenezo. Funani mu Java malo amene pali `FileReader`, `new String(bytes)` kapena `getBytes()` zopanda charset. Java isanafike 18 inkatenga charset ya kompyutayo, ndipo pa Windows ya Chingerezi imeneyo ndi windows-1252. Kuyambira Java 18 ndi UTF-8.

Limbani: Ndaipeza. Mndandanda wa midzi umabwera ngati CSV n'kuwerengedwa ndi `FileReader`. Malaputopu ali pa Java 8.

Thoko: `Files.newBufferedReader(path, StandardCharsets.UTF_8)` ndiye yankho. Mukatero mwina pa lisiti mudzaona "Mala?i", musadabwe, ameneyo adzakhala printer. Tima printer ta malisiti tambiri tilibe ŵ mu ma code page ake. Pamenepo mungasinthe kukhala w wamba pa nthawi yosindikiza yokha, mu database ikhalebe ŵ. Komanso pofufuza dzina kumbukirani kuti ŵ imalembedwa m'njira ziwiri, chilembo chimodzi U+0175 kapena w kutsatana ndi kachipewa U+0302. Pamaso n'zofanana koma `==` amati n'zosiyana. `unicodedata.normalize("NFC", dzina)` pa seva musanasunge.

Dalitso wa ku Lusaka: Poti mukupanga v2, yang'anani ndi `nthawi` yomwe. `dateTime.iso8601` ya XML-RPC imaoneka chonchi, 20250612T14:30:00, ilibe time zone. Seva ikakhala pa UTC ndipo Java n'kuganiza kuti ndi nthawi ya kwathu, lisiti ya 14:30 ilembedwa 12:30, poti Malawi ndi Zambia tili maola awiri kutsogolo. Total ya tsiku nayonso idzayambiranso 2 koloko usiku m'malo mwa pakati pa usiku. Tumizani string yokhala ndi +02:00 kumapeto, Java iwerenge ndi `OffsetDateTime.parse`.

Limbani: Imeneyo ili bwino pano chifukwa seva inaikidwa pa Africa/Blantyre, koma ndiiyika mu v2 kuti isadalire zimenezo. Tsopano chondivuta mumtima ndi malipiro amene alembedwa kale kawiri. A kuakaunti akufuna ndingochita DELETE pa zonse zofanana.

Thoko: Musavomere. Choyamba, ena mwa iwo ndalama zatuluka kale kupita pa foni za alimi, ndipo kufufuta mzere sikubweza ndalamazo, kumangobisa kumene zinapita. Chachiwiri, mizere iwiri yofanana siitanthauza nthawi zonse kuti ndi yolakwika. Pali mlimi amene anagulitsadi kawiri, ndipo mukamufufutira imodzi mwamubera. Ikani column yoti `wokayikitsa`, muimitse malipiro a mizere imeneyo, ndipo yotsimikizika muithetse ndi mzere wobweza wokhala ndi dzina la amene wavomereza.

Bambo Mwale: Ndipo muli ndi njira yabwino yowasiyanitsira. Wobwereza weniweni aliyense analembedwa total ya depoti ya tsikulo itadutsa kale 2,147,483,647. Werengerani total yoyenda ndi `SUM(...) OVER (PARTITION BY depoti, tsiku ORDER BY nthawi)`, mutenge mizere ya pambuyo pa malire yokha. Palinso gulu lina limene a kuakaunti sanalione, alimi amene kalaliki anadina kamodzi, n'kuona uthenga wa vuto, n'kuwalembera lisiti ya pamanja kuti adzailowetse mawa. Amenewo mzere wachiwiri uli pa tsiku lotsatira, m'mawa, ndipo sufanana nthawi ndi woyamba. Mabuku a pasikelo ndi amene angakuthandizeni pa amenewa.

Limbani: Gulu limenelo lilipodi, makalaliki atsimikiza kuti ankachita zimenezo mzere ukatalika. Ndapempha mabuku a pasikelo a madepoti akuluwo abwere ndi galimoto ya Lachisanu. Usiku wapitawu ndaika -1, dumps isanafike commit, ndi chigamba cha mphindi zochepa. Lero depoti yaikulu yadutsa K21 miliyoni cha m'ma 2 koloko masana ndipo malisiti akutulukabe, fault palibe mu pcap.

Chisomo: A Limbani, v2 mukaimaliza mungandilole ndiyese kulemba ma test ake? Ndikufuna kuphunzirapo.

Limbani: Bwera ku inbox ndikupatse repo yopanda deta ya alimi.

Thoko: Chisomo, ma test amenewo asakhale Python kuitana Python, chifukwa mbali ziwiri za chilankhulo chimodzi zimakhululukirana. Yatsa seva yeniyeni, uitane ndi client ya Java yomweyo imene ikupita kudepoti, pa Java 8. Yesa total ya 2147483647 ndi ya 2147483648, dzina la mudzi lokhala ndi ŵ m'njira zonse ziwiri, column ya NULL, ndi request_id imodzi yotumizidwa kawiri nthawi imodzi. Ya netiweki yoduka uipange chonchi: mu seva ya test ika `os._exit(1)` commit itangotha, uyatsenso seva, utumize request yomwe ija, kenako uwerenge mizere mu table. Upeze umodzi, ndipo lisiti ikhale ya mzere umenewo.